Lilime la aNanzunga

Achemwali anga a Lufina, omwe ku Biriwiri konse amadziwika kuti aNanzunga, anali ndi lilime limene anthu ankalikamba ngati mmene amakambira ng'ombe yabwino ya munthu. Ine ndine Mirriam, mng'ono wawo, ndipo ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi kwathu. Kuphika ndiye musandifunse. Ndili mwana ndinapsereza nyemba katatu sabata imodzi, amayi n'kunena kuti uyu angopita kusukulu basi. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Achemwali sukulu anailekezera sitandade folo. Anakwatiwa ndi a Dyton, bambo wofatsa amene ankagulitsa kachewere ku Tsangano, ndipo bamboyo atamwalira anatsala ndi mwana wawo wamkazi, Tawina, pakuti anyamata awiri anali atapita kale ku Joni. Ankalima chimanga, nyemba ndi kabichi monga wina aliyense. Koma ntchito yawo yeniyeni, imene palibe anawalemba, inali ya chidulo.

Mwezi wa Juni kwathu kumagwa nkhungu yoti mapiri a ku Mozambique, amene ali kutsidya kwa msewu, amasowa mpaka dzuwa litakwera. M'nkhungu imeneyo achemwali ankaotcha makoko a nyemba pabwalo losesa bwino. Utsi ndi nkhungu zinkasakanikirana, iwo n'kumaoneka mutu wokha, ngati munthu amene waima m'madzi. Phulusa likazizira ankalithira m'chitini choboola pansi, choyalamo udzu, n'kuthira madzi pamwamba. Kenako ankakhala pamwala, manja pamaondo, kumvetsera chidulo chikudontha m'mbale. Ukawalankhula nthawi imeneyo sankayankha.

Chikadzaza mbale ankatunga ndi supuni, n'kuika m'kamwa. Sankameza. Ankatsinzina, kuchizunguliza m'kamwamo pang'onopang'ono, nkhope italoza kumapiri, kenako n'kulavula pambali.

"Awa ndi makoko a kudimba la kumunsi," ankatero. "Anamwa madzi ambiri, alibe ukali. Bwezera m'chitinimo chidonthenso."

Ine ndi sayansi yangayi ndinkaseka, koma ndikafufuza ndinkapeza kuti makokowo anachokeradi kumunsi. Ndinkachita nawo nsanje, kunena zoona.

Amene saphika sangadziwe kuti chidulo n'chovuta. Chikachepa, chigwada chimakhala ngati ukutafuna mapepala, therere silinanda. Chikachuluka, ndiwo zimasanduka phala lonunkha sopo. Pakati pamenepo pali kanjira kakang'ono, ndipo achemwali ankayendamo otsinzina. Pamaliro, paukwati, pa sadaka, mphika wa therere unkadikira aNanzunga. Soda wa m'sitolo ankamunyoza, amvekere alibe kwawo. Ndipo anali ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale abusa ankalidziwa: mumphika mwawo simulawa munthu wina.

Tsiku lina atabwera kudzacheza kwanga anandipeza ndikukonzekera phunziro, n'kundifunsa kuti ana ndikawauza chiyani mawa. Ndinadzimva uphunzitsi. Ndinawafotokozera kuti zinthu zowawasa monga ndimu, bwemba ndi malambe timazitcha asidi, ndipo zoterera m'zala monga chidulo ndi soda timazitcha alikali. Ndinawonjezera kuti ngakhale kositiki, ufa woyera uja amapangira sopo, ndi m'bale wake wa chidulo, banja limodzi. Anakondwa kumva kuti chidulo chawo chili m'mabuku. Ndinalekezera pomwepo chifukwa madzi a tiyi anali atawira, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu ndi tiyi ameneyo.

M'chaka cha 2022 amayi a kumpingo kwathu anayamba kuphunzira kupanga sopo. Mlangizi amene anabwera anawasiyira kositiki, mafuta, magolovesi ndi pepala la malangizo, ndipo anawachenjeza kuti asagwire ndi manja. Tsiku la chenjezolo achemwali kunalibe, anali kudimba. Anabwera Lachinayi lotsatira, atachedwanso, n'kupeza amayi atasungunula kale kositiki mundowa, akudikira kuti azizire. Anali akukangana. Ena ankati madzi achuluka, sopo sagwira, ena ankati ali bwino. Pepala lija linali litanyowa, manambala osaoneka.

"Si awa aNanzunga afika," anatero mayi wina. "Atiuze ndi iwowa."

Ananena mocheza, koma achemwali sanamve ngati nthabwala. Anasuzumira mundowa. Madzi ake anali oyera ngati a pamjigo. Anafunsa kuti mwathiramo wochuluka bwanji, anawaonetsa kapaketi. Mumtima anawerengera monga ankachitira masiku onse: beseni lathunthu la phulusa limatulutsa chidulo choti munthu n'kulawa, nanga kaufa aka? Komanso mng'ono wawo wophunzira anali atawauza kuti ndi banja limodzi. A Malita, mnzawo wa kuubwana, anali atatembenuka kukatenga mafuta. Pomwe ankacheuka, supuni inali kale m'kamwa, achemwali atatsinzina.

Safunsa adadya phula, koma achemwali akanafunsa ndani, poti anthu onse ankafunsa iwo?

Panali chipwirikiti. Wina anathamangira mandimu, wina shuga, wina ankakuwa kuti asanzitseni. A Malita okha ndiwo anakumbukira zimene mlangizi ananena. Anawakokera pamjigo n'kumapopa, achemwali akuchukucha ndi kulavula, kuchukucha ndi kulavula, mpaka njinga yamoto inafika kudzawatengera kuchipatala. Adokotala anati mwayi wake sanameze, kukhosi kunapulumuka. Chizolowezi chawo chosunga madzi m'kamwa ndicho chinateteza khosi, ndipo ndicho chinapsereza lilime.

Anagona kuchipatala masabata awiri, akumwa phala lamadzimadzi. Atatuluka, lilime linali ndi chipsera chotuwa, chosalala. Aliyense wowazonda ankamuuza kuti achira, Mulungu ndi wamkulu. Anabwerera kudimba. Juni atafika anaotchanso makoko m'nkhungu, anakhala pamwala paja, anaika supuni m'kamwa n'kutsinzina monga kale. Ndinawaona ndi maso anga ndipo ndinakhulupirira.

Zoona zake ndinazidziwa mwangozi. Anabwera kwanga masana ena, ndinawapatsa tiyi, ndipo atamwa theka la kapu ndinaona kuti shuga ndamuiwala pawindo, sindinathire n'komwe. Achemwali, amene kale ankadziwa ngati wathira masupuni awiri kapena awiri ndi theka, anali akumwa mwakachetechete.

"Achemwali, tiyiyo ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Mulibe shuga."

Anaika kapu pansi. Anayang'ana panja, kumene mbuzi ya aneba inkadya mpanda wanga.

"Zonse ndi madzi, Mirriam," anatero. "Nyama ndi madzi, bwemba ndi madzi. Ndimamva kutentha ndi kuzizira basi. Ndikagona masana pamkeka ndimalota mango a mtengo uja unali kuseri kwa khola la abambo. Ndimawamva ndithu, kutsekemera kwake mpaka m'makutu. Ndikadzuka ndimapeza ndikutafuna lilime langa lomwe. Usauze munthu."

Ndinalira ine, iwo ayi. Kenako anandifunsa funso limene linkawasowetsa mtendere: zinatheka bwanji kuti kaufa kochepa kaja kapose beseni la phulusa, ngati zilidi banja limodzi?

Ndinawauza tsopano zimene ndinayenera kuwauza kale. Ndinati ukali wa zinthu zimenezi uli ngati ng'ombe m'khola. Chidulo chikalowa m'madzi, khola lake lili ndi chipata chopapatiza: zimatuluka ng'ombe ziwiri kapena zitatu, zina n'kumabwereranso, zambiri zili m'kati. N'chifukwa chake timati ndi alikali wofooka, ndipo lilime limatha kumupirira. Soda wophikira ndiye wofooka kuposa pamenepo. Koma kositiki akangokhudza madzi, mpanda wonse umagwa, ng'ombe zonse zili m'munda nthawi imodzi. Ku asidi n'chimodzimodzi: ndimu ndi bwemba ndi ofooka, koma madzi a m'batire la galimoto ndi amphamvu, sayesedwa ndi pakamwa. Ndipo ndi maso sungasiyanitse, zonse zimangooneka ngati madzi.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye unkadziwa," anatero. "Bwanji sunanene tsiku lija?"

Sanandikalipire, ndipo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Chimene chinkawadetsa nkhawa kwenikweni chinali china. Tawina anali atapeza mwamuna, Sungani, wa kuchigwa cha Bwanje kumene amalima mpunga. Chinkhoswe anachiika mu Ogasiti, ukwati mawa lake, kenako mtsikana azipita kwa mwamuna. Amayi ake a Sungani anali atatumiza kale mawu kuti mbiri ya therere la aNanzunga inafika mpaka kuchigwa, ndipo akubwera ndi njala yake. Chichitikireni ngozi ija achemwali anali asanaphikepo pagulu, ankapeza zifukwa. Koma pachinkhoswe cha mwana wako suthawa. Akalakwitsa chidulo pamaso pa asewere awo, mudzi wonse udziwa kuti aNanzunga anatha, ndipo Tawina akalowa m'banja la eni ndi manyazi a amayi ake.

Ndinaganiza masiku angapo, kenako ndinakumbukira chidede, maluwa ofiira owawasa aja. Kusukulu kwathu mankhwala oyesera anatha kalekale, ndiye ana ndimawaphunzitsa ndi madzi a chidede. Ndinanyika chouma m'madzi otentha, anatuluka ofiira ngati magazi a nkhuku. Loweruka masana ndinaitana achemwali, ndinandandalika matambula pakhonde pomwe dzuwa limafika, lililonse ndi madzi ofiirawo.

M'loyamba ndinafinyiramo ndimu, kufiira kunawala. M'lachiwiri ndinathiramo soda, madzi anachita mdima ngati mtambo wa mvula. M'lachitatu ndinathiramo chidulo. Kufiira kunayamba kuthawa kuchokera pansi, utsi wobiriwira n'kumakwera pang'onopang'ono, kupota, kufalikira, mpaka tambula lonse linabiriwira ngati dimba. M'lomaliza ndinadonthezamo kositiki, nditavala magolovesi. Linabiriwira kamphindi, kenako linasanduka lachikasu, lofwifwa, ngati udzu wa mu Okutobala.

Achemwali anagwada pansi kuti maso awo alingane ndi matambulawo. Kuwala kobiriwira kunagwera pa tsaya lawo. Anakhala choncho osaphethira.

"Ndi mmene chimakomera," ananong'ona, akuloza lachitatu. "Ndikachiika m'kamwa chinkaoneka chonchi. Sindinkadziwa kuti ena mungathe kuchiona."

Panafunika muyeso. Apa ulesi wanga unatithandiza. Pamwamba pa kabati panali botolo la chidulo limene anandipatsa ngozi isanachitike, atalilawa okha n'kuvomereza, ndipo ine ndinali ndisanalitsegule n'komwe.

"Chaka ndi miyezi!" anatero. "Iwe umadya chiyani m'nyumba muno, choko?"

Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chichokereni kuchipatala. Tinathira supuni imodzi ya chidulo chakalecho m'chidede, n'kuyamba kudonthezamo ndimu, tikuwerenga. Dontho lililonse linkatsegula kadiso kofiira m'madzi obiriwirawo, kadisoko n'kutsekanso. Kenako madiso aja anayamba kuchedwa kutseka. Pa dontho la makumi anayi kufiira kunabwerera n'kukhazikika. Ndinawauza kuti asidi wa ndimu wadya alikali yense wa m'supunimo. Chidulo chatsopano chikafuna madontho ochepera apo, ndiye kuti n'chosukuluka. Chikafuna ochuluka, chakalipa, achithire madzi.

Miyezi iwiri yotsatira ankabwera kwanga pafupifupi masana alionse, mabotolo atawabisa m'chitenje. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anazindikira okha kuti mandimu amasiyana, n'kusankha mtengo umodzi wa kuseri kwa nyumba yanga. Ndikaweruka ndinkawapeza pakhonde, atazunguliridwa ndi matambula ofiira, obiriwira ndi ena apakatikati, milomo ikuyenda, dzuwa likudutsa m'madzimo n'kujambula mawanga pakhoma. Nthawi zina ankaiwala kuwerenga, n'kumangoyang'ana mitundu ikusintha. Ankati wobiriwira wa makoko a nyemba si wofanana ndi wa zitsononkho. Ine sindinkaona kusiyana, koma ndinali nditaphunzira kusatsutsa.

Tsiku la chinkhoswe kunacha ndi nkhungu. Amayi a m'mudzi anasonkha moto kuseri kwa nyumba ya achemwali, miphika ikuluikulu yobwereka kumpingo ili pamafuwa. Chidulo tinali titachiyesa dzulo lake, madontho makumi anayi ndendende. Achemwali anachithira mumphika, anaika supuni m'kamwa n'kutsinzina kuti anthu aone, kenako anathira therere. Linafewa bwino, osataya kubiriwira kwake. Atakweza mthiko linananda ulusi wautali osaduka, a Malita n'kuimba nthungululu. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenako achemwali anatenga paketi ya mchere, n'kuima.

Anandikodola. Tinapita kuseri kwa nkhokwe.

"Mchere umasintha mtundu wanji m'chidede?"

Mchere si asidi, si alikali. Ungathire dzanja lonse, chidede chimangokhala chofiira. Miyezi iwiri yonse ija palibe mwa ife anaganizapo za mchere. Kunyumba ankathira ndi dzanja mwachizolowezi, mumphika wa anthu awiri. Uwu unali mphika wa anthu oposa zana, ndipo therere likachepa mchere kapena kuchuluka silibisika.

"Ndilawe ine," ndinatero.

"Iwe? Ungandiphere mwana ndi manyazi."

Sanalakwe. Kwathu mayi akhoza kupempha mnzake kuti amuthirire mchere mumphika, palibe amafunsa chifukwa, amayi amadziwana. Koma kuthira ndi kwina, kulawa ndi kwina. Akanati apatse supuni mayi aliyense pabwalo paja, nkhani ikanafika ku Tsangano dzuwa lisanalowe.

Anabwerera pamoto. Anathira mchere manja atatu, anatakasa, anatunga therere pang'ono m'kambale n'kuvundikira ndi mbale ina. Anayenda nako kulowa m'nyumba, ine pambuyo. Kuchipinda, amayi awiri anali akumuveka Tawina chitenje cha chinkhoswe ndi mikanda. Achemwali anawapempha kuti atuluke pang'ono, ali ndi mawu ndi mwana wawo. Ine ndinaima pakhomo.

Anagwada pamaso pa mwana wawo, chinthu chimene sindinachionepo, n'kuvundukula kambale.

"Lawa, mwanangu."

Tawina anayang'ana supuni, n'kuyang'ana amayi ake.

"Lawa. Ine sindimvanso kanthu. Chichokereni kuchipatala ndakhala ndikukunamiza, iwe ndi anthu onse."

Tawina analandira supuni. Anaika m'kamwa n'kumeza.

"Chidulo chili bwino, amayi. Mchere wachepa. Mphika uja waukulu wa kumpingo? Muonjezere dzanja limodzi ndi theka."

Ananena mosavutikira, ngati munthu amene wayankha funso limeneli kambirimbiri. Achemwali anamuyang'anitsitsa.

"Sukudabwa?"

"Ndinadziwa sabata yoyamba, amayi. Munathira mchere kawiri m'nyemba, n'kudya osanena kanthu." Misozi inayamba kutsika, ikuononga ufa umene anali atangomupaka kumaso. "Mukapita kukatunga madzi kapena kukatsekera nkhuku, ndimalawa mumphika mwanu. Pena ndimaonjezera mchere, pena madzi ndi tomato. Tsiku lililonse. Ndinkaopa kuti mukadziwa kuti ndadziwa, musiya kuphika."

Achemwali anakhala pansi penipeni, miyendo atatambasula ngati mwana. Chaka chonse ankaganiza kuti dzanja lawo likukumbukira lokha, ndipo ankanyadira zimenezo mumtima. Ndinaona kunyadako kukuchoka pankhope pawo, ndipo chimene chinabwera m'malo mwake sindingathe kuchitchula bwino. Anagwira phazi la mwana wawo n'kulisisita.

"Ndiye wakhala ukundidyetsa ndiwe."

"Mumaphika ndinu, amayi. Ine ndimangolawa."

Panja panamveka galimoto ikuima, nthungululu n'kuyamba. Alendo a ku Bwanje anali atafika. Achemwali anapukuta nkhope ya Tawina ndi nsonga ya chitenje chawo, mosamala, kuti ufa usachoke wonse.

"Nanga mkuja," anafunsa motsitsa mawu, "ukapita kwa amuna ako?"

Tawina anayang'ana kambale kaja. Ine pakhomo paja ndinayang'ana pansi.

Achemwali anadzuka, anatola kambaleko n'kutuluka. Pabwalo amayi anali piringupiringu, ena akuthamangira kukalandira alendo, ena akupakula mpunga. Achemwali anafika pamphika wawo, anatapa mchere dzanja limodzi ndi theka, anathira n'kutakasa. A Malita anawapatsira supuni monga mwa masiku onse, kuti alawe komaliza.

Achemwali anaiyang'ana supuniyo. Kenako anatunga nayo therere, n'kuibweza chogwirira chili kwa a Malita, amayi onse akuona.

"Lawani, anzanga," anatero. "Kuyambira mkuja muzidzadutsa kwathu dzuwa likamapendeka, mphika uli pamoto."